Azakhali: Damu langa lasanduka la achule

Azakhali,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi pa boma pa Ntcheu. Ndinakhalitsa ku Joni komwe ndinkasamalira maluwa ndi damu losambiramo la abwana anga. Nditabwerako ndinamanga nyumba, kuseri kwake n'kukumbitsa damu langalanga la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi, kuya kwake mita ndi theka. Poyamba madzi anali mbee, anthu ankabwera kudzajambulitsa. Koma chiyambire kutentha kwa Okutobala madzi abiriwira, m'makoma mwadzaza ndere, ndipo usiku achule sakutigonetsa tulo. Ndathiramo mabotolo awiri a Jik koma palibe chasintha. Alamu anga olima tomato ku Lizulu akuti ndithiremo mankhwala a kopa omwe amapopera kudimba, ati amapha chilichonse chobiriwira. Mayi a kunyumba akungondiseka, akuti tiweteremo abakha. Ndigule mankhwala ati ophera ndere?

Ine wanu,
Mtchona, Ntcheu

Mwanawe,

Kalata yako ndawerenga kawiri, koyamba sindinathe chifukwa cha phwete. Makolo ako Angoni anawoloka Zambezi ndi ng'ombe zawo, iwe wagonja ndi madzi a kuseri kwa nyumba? Mtengwa wathuyo umupatsire moni, nzeru ya abakhayo si yoipa kwenikweni.

Ku Joni kuja unkalawirira ndi kaukonde kuvuula masamba, kukwecha makoma ndi kuyeza madzi, abwana ali mtulo. Madzi aja ankawala chifukwa cha msana wako. Lero bwana ndiwe, ndiye waiwala kuti wantchito ndiwenso yemweyo. Ukufuna botolo limodzi likugwirire ntchito yonse uli khale pakhonde ndi nyama yootcha. Botolo lotero kulibe. Mankhwala ophera ndere ntchito yake n'kutchinga kuti ndere zisabwererenso m'madzi oyera kale. Madzi akafika pokhalamo mbululu ngati akowa, chofunika ndi klorini, pampu ndi bulashi.

Tiwerengere limodzi, poti masamu unawathawa kalekale. Damu lakolo limalowa malita 48,000, zigubu 2,400 za malita 20. Jik ndi klorini ndithu, koma wosungunula kwambiri, wa 3.5 peresenti, wochapira malaya ndi kutsukira m'bafa. Mabotolo awiri m'madzi ochuluka chonchi ndere zinangoti zikomo.

Usanagule china chilichonse, gula kabokosi kapena timapepala toyezera madzi. Ukapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre ukafunse m'masitolo a zipangizo zomangira, poti msewu wa M1 ukudutsa pakhomo pako. Yamba wayeza pH. Iyenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.6. Ikakwera kupitirira pamenepo klorini amafooka, umangotaya ndalama. Uitsitse ndi asidi wa m'madamu osambiramo, pang'onopang'ono, ukuyezanso. Ikatsika kwambiri madzi amayabwa m'maso ndi kudya zitsulo za pampu, ndiye umaikweza ndi soda wa ufa wogulitsidwa limodzi ndi mankhwalawa. Osati soda wa therere wa mtengwa wathu, ungagone ndi njala.

pH ikakhazikika, kwecha makoma ndi pansi pomwe kuti ndere zimasuke. Ndiye madzulo dzuwa litalowa uthire klorini wa ufa uja umamudziwa kuti HTH, amene mphamvu yake ndi 65 mpaka 70 peresenti. Pa damu lakolo yambira magalamu 700, uwasungunule m'ndowa ya madzi n'kuthira mozungulira. Ndati madzulo chifukwa dzuwa limatha klorini m'maola ochepa chabe. Pampu izungulitse madzi usiku wonse. Kukacha madzi akasanduka otuwa ngati mkaka, usachite mantha, ndi ndere zakufa zimenezo. Tsuka mchenga wa m'sefa pobweza madzi chambuyo, pampu ipitirize. Akakhala obiriwirabe, bwereza madzulo ake. Pasalowe munthu mpaka klorini atatsika kufika pakati pa mamiligalamu 1 ndi 3 pa lita, ndipo azikhala pomwepo masiku onse. Pampu izigwira ntchito maola 6 mpaka 8 pa tsiku nyengo yotentha ino. Magetsi akazima usana, uiyatse akabwera, ngakhale pakati pa usiku. Unafuna wekha.

Tsopano za ophera ndere aja wafunsa. Alipo a mitundu itatu, uziwerenga pa botolo. Otsika mtengo amachita thovu ukathira mopitirira muyezo, ana amatuluka m'madzi ngati agwera m'beseni la zochapa. Ena olembedwa kuti polyquat sachita thovu, ndi okwera mtengo, koma ndi amene ine ndingakusankhire. Umathira pang'ono sabata iliyonse madzi atayera. Achitatu ndi okhala ndi kopa. Amapha ndere kwambiri, koma kopayo sauluka, amangounjikana m'madzi, mapeto ake makoma amathimbirira ndipo imvi zako zija umazibisa zidzabiriwira, ukafike nazo ku mwambo wa Umhlangano anthu akakuone. Ukaona timadontho takuda tokanirira m'ming'alu ya simenti, timeneto timafuna bulashi yolimba ndi klorini wambiri, osati kungothira mankhwala pamwamba.

Alamu akowo uwauze kuti azakhali akuti ayi. Inde m'mankhwala awo muli kopa, koma anapangidwira kumatirira pa masamba a tomato ndi mbatata ya kachewere, osati madzi amene mwana angameze akusewera. Mlingo wake m'damu palibe akuudziwa, iwonso sakuudziwa. Komanso madzi a kopa ukawatayira kukhwawa amapha nsomba za eni ake kumunsi. Chimene alamuwo akanakuuza n'chakuti ndere zimakonda feteleza monga chimanga chimakondera. Mvula ikayamba, madzi ochokera m'munda, m'maluwa kapena kukhola akamalowa m'damu, ndiye kuti ukuzidyetsa wekha. Kumba ngalande yopatutsa madziwo tsopano lino, ndipo masamba a mango uzivuula asanawole.

Apa tsono ndisiye kaye nthabwala. Klorini ndi asidi zisakumane m'ndowa imodzi, ngakhale pa kapu yoyezera imodzi: zimatulutsa mpweya wotentha mapapo, wokhoza kupha munthu. Klorini wa ufa usamuphatikize ndi wa mibulu uja amayandama m'kabotolo, amatha kuyaka moto kapena kuphulika. Nthawi zonse mankhwala ndiwo amathiridwa m'madzi, osati madzi m'mankhwala. Usunge chilichonse m'chidebe chake chotseka bwino, pouma, kutali ndi petulo, feteleza ndi matumba a chimanga, chipindacho n'kukhoma ndi loko. Ndipo damulo limangire mpanda wa chitseko chotseka. Mwana wamng'ono amamira mwakachetechete, ndipo m'madzi obiriwira simungamuone n'komwe pansi.

Ndikukudziwa, waganiza kale zokanyengerera alangizi a zaumoyo kuti akugawireko klorini wawo. Usayerekeze. Ameneyo ndi wothira m'madzi akumwa a anthu m'midzi. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye usatenge mankhwala oteteza miyoyo kukakometsera malo ojambulira zithunzi za pa Facebook. Gula wako. Zomataya madzi onse n'kudzazanso atsopano akabiriwira nazonso usazolowere. Waiwala kuti mu 2018 damu la Mpira litaphwa anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka ankagona pa mijigo kudikira ndowa imodzi? Amayi akuchokera kutali ndi zigubu pamutu, iwe ukukhuthulira malita 48,000 pa udzu, adzakunena mpaka pa maliro ako. Madzi omwewo amatha kukhala zaka ukamawasamala, n'kumangowonjezera amene aphwa ndi dzuwa.

Ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, pamene mphepo ya ku Tsangano imaletsa munthu kusamba ndi m'bafa momwe, damu silipita kutchuthi. Ndere zimachepa mphamvu, koma madzi osazungulira, opanda klorini, ndi chiswero cha udzudzu, ndipo malungo akewo sadzasankha nyumba yako yokha. Uchepetse maola a pampu, koma uziyezabe.

Ndiye khala pansi ndi mtengwa wathu muwerengere ndalama ya klorini, asidi ndi magetsi ya mwezi uliwonse. Ngati ikukwanika popanda kukhudza fizi ya ana, vala kabudula wako wa ku Joni uyambe kukwecha mawa m'mawa. Ngati siikukwanika, siyiratu mankhwala onse, ukafunse alangizi a za nsomba ngati mungalowe makumba. Ndikabwera pa Khirisimasi ndikufuna kupeza chimodzi mwa ziwirizi: madzi oonekera pansi, kapena ndiwo.

Ndine,
Azakhali ako