Zimene Munaphunzira Kale Zinasintha: Phunziro kwa Ogwira Ntchito za Umoyo M'mbali mwa Nyanja ku Salima

Phunziro ili ndi la anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo, aphungu ndi magulu osamalira odwala kumudzi m'madera a Senga Bay, Lifuwu, Chipoka ndi Khombedza. Funso lake ndi limodzi: kodi malangizo amene mukupereka lero ndi a chaka chiti?

Mankhwala aulere a ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Pa nthawiyo munthu ankadikira kuti adwale kapena chitetezo cha m'thupi chitsike kwambiri asanayambe kumwa. Ambiri ankalandira Triomune, amene kwa ena ankayambitsa dzanzi m'miyendo ndi kuphwa kwa masaya. M'chaka cha 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo ka HIV amayamba mankhwala osadikira kuti adwale, ndipo mu 2019 ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, mbulu umodzi pa tsiku.

Tsono taganizirani mphungu amene anachita maphunziro ake mu 2008 ndipo sanapitenso ku maphunziro ena. Msodzi akayezetsa pa doko n'kupezeka nako, mphunguyo angamuuze kuti, "Mukuonekabe amphamvu bambo, mudzabwere mukadzayamba kudwala." Walankhula mwachikondi, koma wamusocheretsa. Msodziyo akwera bwato mawa lake kutsata usipa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, ndipo mwina adzaonekanso patapita chaka, atafooka.

Kunyanja kuno nkhani ya kuyendayenda ndi yaikulu. Asodzi ndi amayi ogula nsomba sakhala malo amodzi, choncho wogwira ntchito za umoyo adziwe kuti wodwala amene akumwa bwino mankhwala, ndipo kachilombo kachepa m'magazi mwake, angathe kulandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Amukumbutsenso kuyenda ndi buku lake la kuchipatala kuti mankhwala akamuthera kutali akathandizidwe kumeneko. Adziwenso za likodzo. Amayi ochapa ndi kusamba m'nyanja angathe kukhala ndi tizilonda ta likodzo kumaliseche, timene nthawi zambiri timasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana, komanso timatsegula njira kuti kachilombo ka HIV kalowe mosavuta.

Ngakhale dolutegravir ali ndi zake zofunika kuphunzira. Wodwala TB amene akumwa rifampicin amafunika mbulu wina wa dolutegravir patapita maola 12. Mankhwala owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo amachepetsa mphamvu ya dolutegravir akamwedwa pamodzi popanda chakudya. Izi sizinali m'mabuku a 2008.

Mabungwe a Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi amafuna umboni wakuti munthu akupitiriza kuphunzira asanamupatsenso chilolezo chogwirira ntchito. Koma tinene chilungamo. Mahotela a ku Senga Bay amalandira misonkhano ya zaumoyo chaka chonse, ndipo ena amapitako maso ali pa alawansi. Wobwera ku maphunziro akatsekera mapepala m'kabati osawagawira anzake, chipatala chonse chimatsala pomwe chinali. Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka, amene ndiwo amafika m'midzi ya m'madoko, nthawi zambiri ndiwo amamva zatsopano pomalizira.

Zoti mukambirane pa msonkhano wanu wotsatira: tengani buku la malangizo a HIV limene lili pa chipatala chanu, muone chaka chimene linasindikizidwa, ndipo mufunse ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Salima ngati lilipo lina latsopano. Kenako amene anapita ku maphunziro posachedwapa apatsidwe mphindi 30 kuti afotokozere onse, kuphatikizapo alangizi ndi aphungu, chinthu chimodzi chimene chinasintha.