Kuthamanga Mtunda Wautali pa Dzuwa

M'chaka cha 1954, ku Vancouver m'dziko la Canada, kunali mpikisano wothamanga mamailosi 26. Jim Peters wa ku Mangalande analowa m'bwalo ali patsogolo pa onse, koma anayamba kudzandira ndi kugwa kawirikawiri, ndipo sanafike pothera. Chinamgonjetsa ndi kutentha.

Munthu akathamanga nthawi yaitali pa dzuwa, madzi a m'thupi amathera m'thukuta. Magazi amachepa, mtima umagunda mofulumira koposa, ndipo ubongo ukatentha munthu amasokonezeka mutu, mwinanso kufa kumene.

Chifukwa chake aphunzitsi azichititsa mipikisano m'mamawa. Mwana akayamba kudzandira kapena kuyankhula zosamveka, aimitsidwe pomwepo, agonekedwe pamthunzi, athiridwe madzi ozizira thupi lonse, ndipo atengeredwe msanga ku chipatala.