Kuwonjezera masipuling'i sikusandutsa lole ya matani atatu kukhala ya matani asanu

Nyengo yokolola ikafika, malole ang'onoang'ono monga Mitsubishi Canter, Toyota Dyna ndi Isuzu Elf sapuma. Amatuta chimanga, soya ndi mtedza m'midzi, kachewere ku Tsangano ndi ku Lizulu, tomato ku Jenda, kupita nazo m'misika ya m'tauni. Poti dizilo ndi wodula, mwini lole aliyense amafuna kuti ulendo umodzi unyamule zambiri. Ambiri amathamangira kwa makaniko kukawonjezera masipuling'i akumbuyo, kenako kwa wowotcherera kukakweza bodi. Lole ikasiya kukhala pansi ikasenza, amati vuto latha. Koma zoona zake n'zakuti langobisika.

Malole ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi chomata kumbuyo kwa bodi, cholembedwa m'Chijapani koma chokhala ndi nambala yoti aliyense angawerenge, monga 2000kg kapena 3000kg. Umenewo ndiye mlingo wa katundu amene galimotoyo inapangidwira. Pa matumba a makilogalamu 50, lole ya 3000kg imanyamula matumba 60. Bodi yachitsulo yowotcherera kuno imalemera kuposa yomwe inabwera ndi galimoto, ndipo kulemera kowonjezerako kumadya gawo la matumba 60 aja. Chimodzimodzi anyamata opakira ndi eni katundu okhala pamwamba. Matumba a kachewere osokerera pamwamba sawerengedwa ngati a 50kg. Ofunika kuwayeza pa sikelo.

Masipuling'i ndi chiwalo chimodzi chabe mwa ziwalo zosenza katundu. Akawonjezeredwa, chasisi, ekiselo, mabering'i a m'mawilo, difu, kilachi ndi mabuleki zimakhala zomwe zija. Masipuling'i olimba kwambiri safewanso pa mabampu, choncho kugunda konse kwa msewu wafumbi kumapita ku chasisi. N'chifukwa chake ming'alu imayambira pafupi ndi pomwe masipuling'i amangiriridwa. Chasisi yowotcherera mwachisawawa imathyokanso pambali pa chowotchereracho, ndipo lole yotere imagwa mtengo tsiku loigulitsa.

Matayala nawo ali ndi malire ake, olembedwa m'mbali mwa tayala. Pakalembedwa 122/118, nambala yoyamba ikutanthauza kuti tayalalo limasenza makilogalamu 1,500 likakhala lokha, yachiwiri ikutanthauza makilogalamu 1,320 likakhala lophatikiza ndi linzake kumbuyo. Tayala losenza mopitirira, kapena lochepa mpweya, limatentha mkati mpaka kuphulika. Pogula matayala a kaunjika, wogula ayang'ane manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lakale limakhala ndi mapazi abwino pamwamba pomwe labala wake anauma kalekale.

Ngozi yaikulu ili pa mabuleki. Lole yolemera kwambiri imafuna mtunda wautali kuti iime, ndipo pamtsetse wautali monga wa Chiweta, wa Khwekhwerere kutsikira ku Golomoti, kapena wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, mabuleki opondedwa kosalekeza amatentha n'kusiya kugwira. Dalaivala wodziwa ntchito amalowetsa giya yaikulu mphamvu asanayambe kutsika, n'kugwiritsa ntchito buleki ya ekizozi ngati galimoto ili nayo. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo akatero amawira msanga. Ndi bwino kuwasintha zaka ziwiri zilizonse. Bodi yokwezedwa imawonjezera vuto lina: katundu akakwera m'mwamba, lole imapendama msanga pokhota.

Palinso lamulo. Nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Road Traffic imayeza magalimoto a katundu pa masikelo monga ya ku Balaka, ndipo wopezeka atapyola mlingo amalipira chindapusa. Mlingo umene amayang'ana ndi wolembedwa m'mapepala a galimoto, osati kuchuluka kwa masipuling'i. Ngozi ikachitika lole itasenza mopyola, a inshuwaransi angathe kukana kulipira, mwini lole n'kutsala ndi ngongole ya katundu wa anthu.

Nanga wofuna phindu atani? Choyamba, akayezetse lole ili yopanda katundu kuti adziwe kulemera kwake kwenikweni ndi bodi yomwe ilipo. Chachiwiri, masipuling'i otopa kapena othyoka asinthidwe ndi a mlingo womwewo, mbali zonse ziwiri, ndipo mabawuti omanga masipuling'i ku ekiselo amangidwenso lole ikayenda maulendo angapo. Chachitatu, katundu wolemera aikidwe pansi ndiponso pakati pa bodi, osati kumchira, chifukwa kumchira kukalemera mawilo akutsogolo amapepuka ndipo chiwongolero sichimvera. Chachinayi, m'miyezi ya fumbi fyuluta ya mpweya iziyang'anidwa sabata iliyonse, madzi a m'fyuluta ya dizilo azikhetsedwa, gilisi azithiridwa, ndipo oyilo wa injini zakalezi asamadutse makilomita 5,000.

Njira ina yopezera ndalama popanda kupha galimoto ndiyo kusabwerera chabe. Lole yopita ku tauni ndi chimanga ingathe kubwerako ndi simenti, feteleza kapena katundu wa m'magolosale, ngati mwini wake wapangana ndi amalonda asananyamuke.

Mwini lole akhale pansi ndi kope: mbali ina alembe ndalama ya matumba 20 owonjezera pa ulendo, mbali ina mtengo wa matayala awiri, kilachi, chindapusa ndi masiku amene lole imagona ku galaja nyengo ya malonda ili mkati. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Amene katundu wake amapyola matani atatu ulendo uliwonse, yankho lake ndi kuyenda kawiri, kuchita hayala lole ina, kapena kusunga ndalama yogulira yaikulu.