Phunziro la Ulendo: Kuchoka ku Kanengo Kukaona Zakale ku Chichiri



Teremu ino, Insha Allah, ophunzira a Fomu 3 apita ku Blantyre kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri Museum. Tidzanyamuka m'mamawa n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo tidzayenda pa minibasi ndi basi za anthu onse, popeza kuchita hayala basi yathuyathu kungalemetse makolo ambiri. Makolo ena afunsa kale mafunso oyenera: n'chifukwa chiyani ana ayende mtunda wonsewo kukaona zinthu zakutha? Nanga Swala adzaswalira kuti? Nanga zina zomwe akaone kumeneko sizisokoneza chikhulupiriro chawo? Phunziro lino likuyankha mafunso amenewa. Tikupempha kuti aliyense wopita aliwerenge pamodzi ndi makolo ake.

Chifukwa chomwe tikupitira

Qur'an, m'malo angapo monga Surah Ar-Rum ndime 42, imalimbikitsa anthu kuyenda padziko kuti aone mathero a omwe adalipo iwo asanabadwe. Choncho kuphunzira mbiri si chinthu chachilendo kwa Msilamu. Chofunika ndi niya. Wonyamuka ndi niya yofuna maphunziro ali ndi malipiro ake kwa Allah, ngakhale atakhala mothinana pa mpando wakumbuyo kwa minibasi.

Lilongwe ndi likulu la dziko kuyambira mu 1975, koma nyumba yaikulu yosunga zakale za dziko lino idakali ku Blantyre. Lamulo lokhazikitsa nyumbayi lidapangidwa mu 1957, tikadali pansi pa Angerezi. Poyamba zinthuzo zinkasungidwa ku Mandala House, nyumba yomwe idamangidwa mu 1882. Nyumba ya ku Chichiri idatsegulidwa mu June 1966 ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Panja pake pali makina akale monga mutu wa sitima yapamtunda yoyendera nthunzi. M'kati muli zida za makolo, zinthu za chikhalidwe cha mitundu yathu, ndi zokumbutsa nthawi ya ukapolo ndi ya atsamunda. Zambiri mwa izi mwakhala mukuziwerenga m'mabuku a History pokonzekera MSCE. Tsopano mukaziona ndi maso.

Njira yathu

Tidzakumana pasukulu titangoswali Fajr. Ochokera ku Area 25 ndi ku Mgona asachedwe, chifukwa basi ya anthu onse siyembekeza munthu. Pa Kanengo tidzakwera minibasi mpaka ku depoti ya m'tauni, komwe tidzakumane ndi anzathu a ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Chinsapo. Kuchoka pamenepo ndi ulendo wa makilomita oposa 300, womwe basi imayenda maola 4 kapena 5, kudzera ku Nathenje, Dedza, Lizulu, Ntcheu, Chingeni, Zalewa ndi Lunzu. Tikatsika ku Wenela tidzakwera minibasi yopita ku Limbe n'kutsikira pa Chichiri.

Msewu nawonso ndi kalasi. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo omwe msewu umatsata malire, mbali ina Malawi, mbali ina Mozambique. Anthu a mbali zonse ziwirizi amalankhula chinenero chimodzi, amagula pamsika umodzi, ena ndi apachibale. Malirewo adalembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi. Pa Zalewa tidzawoloka Shire, mtsinje wokhawo womwe umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi kupita nawo ku Zambezi.

M'basi tidzakhala ndi anthu a zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo ambiri adzatiweruza poona yunifolomu, hijab ndi zisoti zathu. Gogo akasowa pokhala, wophunzira wathu ayambe ndiye kuimirira. Kondakitala alankhulidwe mwaulemu, ndipo chenji ikapyola ibwezedwe. Mlaliki akaimirira m'basi, monga zimachitikira kawirikawiri, tisamuseke kapena kumudula mawu. Zinyalala zisatayidwe pawindo. Pa nkhani ya chakudya, aliyense atenge kamba kunyumba. Panjira mutha kugula nthochi, chimanga chowotcha kapena mazira owiritsa, koma nyama yomwe sitikudziwa mtundu wake ndi yemwe adaizinga tiisiye.

Swala ya munthu wa paulendo

Ulendo suchotsa Swala, koma Allah adaupeputsira wapaulendo. Surah An-Nisa ndime 101 ndiyo imatchula za kufupikitsa Swala, ndipo Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, ankachita zimenezi pamaulendo ake. Ma ulama ambiri amati mtunda wolola kupeputsaku ndi wa makilomita pafupifupi 80. Wathu ukupyola pamenepo kutali.

Kupeputsa koyamba ndi qasr. Swala za rakaa 4, zomwe ndi Dhuhr, Asr ndi Isha, zimaswalidwa rakaa 2. Fajr ndi Maghrib sizifupikitsidwa. Qasr imayamba munthu akatuluka m'malire a mzinda wake, osati akadali pa siteji ya Kanengo, ndipo imatha akabwerera kwawo. Wapaulendo akaswali pambuyo pa imamu wa pamalopo, amakwaniritsa rakaa zonse 4 pamodzi ndi imamuyo.

Kupeputsa kwachiwiri ndi jam'u, kuphatikiza Swala ziwiri m'nthawi ya imodzi: Dhuhr ndi Asr, kapena Maghrib ndi Isha. Madh-hab a Imam Shafi'i, omwe Asilamu ambiri m'Malawi amatsata, amalola zimenezi paulendo. A Imam Abu Hanifa salola kuphatikiza kotere kupatula pa Hajj. Choncho mukaona m'bale wina akuswali Swala iliyonse pa nthawi yake, musamuone ngati wosadziwa. Onse ali ndi maumboni awo.

Ife tidzachita motere: nthawi ya Dhuhr ikangokwana ku Blantyre, tidzaswali Dhuhr rakaa 2 kenako Asr rakaa 2, n'kuthamangira basi yobwerera. Tikufuna kunyamuka 1 koloko itangopitirira kuti tidzafike ku Lilongwe nthawi ya Maghrib isanathe. Isha tidzaswali kunyumba, rakaa 4, chifukwa pamenepo sitidzakhalanso apaulendo. Aliyense atenge botolo la madzi a wudhu ndi kamkeka koswalirapo. Kibla kuno kwathu ili kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa. Tasankha dala tsiku lomwe si Lachisanu kuti pasakhale wophonya Jumu'ah.

Tikafika pa zinthu za chipembedzo cha ena

M'nyumbayi muli zinthu zokhudza zikhulupiriro za makolo, kuphatikizapo za Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu. Kuona chinthu ndi cholinga chophunzira si kuchipembedza. Tawheed yathu sigwedezeka poti taima pafupi ndi chigoba. Koma nafenso tili ndi malire: sitinyoza. Surah Al-An'am ndime 108 imaletsa kutukwana zomwe ena amapembedza, ndipo Surah Al-Hujurat ndime 13 imaphunzitsa kuti kusiyana kwa mitundu ndi mafuko kudaikidwa kuti anthu adziwane. Ambiri mwa ife tili ndi amalume, azakhali kapena anansi omwe gule ndi mwambo wawo. Kudziwa zomwe iwo amalemekeza kumatithandiza kukhala nawo bwino popanda kusiya zathu.

Tikafika pa mbiri ya ukapolo

Apa ndi pomwe phunziro lili lolemera. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna mbiri ayenera kulandiranso zowawa zake.

Chisilamu chidafika m'dziko muno kudzera m'njira za malonda zochokera kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Zanzibar. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdullah adakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Cha m'ma 1870 mafumu ena a Chiyao, monga Makanjila, adalowa Chisilamu. Njira zomwezo zidabweretsa kulemba ndi kuwerenga m'zilembo za Chiarabu, nsalu, mikanda, ndi aphunzitsi monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, omwe adafalitsa maphunziro a Qur'an m'mbali mwa nyanja.

Koma njira zomwezonso zidanyamula minyanga ya njovu ndi anthu. Amuna, akazi ndi ana ankagwidwa m'midzi, ankamangidwa magoli m'khosi, ankawolotsedwa nyanja pa zombo, kenako ankayenda pansi miyezi ingapo kupita kugombe. Ambiri ankafera m'njira. Ena mwa omwe ankachita malondawa anali Asilamu: a Jumbe ku Nkhotakota, Mlozi ku Karonga, ndi mafumu ena kumwera kwa nyanja. Msika wa akapolo ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873, koma kuno malondawa adapitirira mpaka Mlozi atagonjetsedwa mu 1895.

Wophunzira wa Chisilamu akaima pamenepa amatha kugwa m'mayesero awiri. Loyamba ndi kukana, kunena kuti zonsezi ndi mabodza a amishoni. Lachiwiri ndi kuchita manyazi ndi chipembedzo chake, ngati kuti Chisilamu ndicho chidatuma anthu kukaotcha midzi. Onse awiri ndi olakwika.

Sitingakane chifukwa Surah An-Nisa ndime 135 imalamula okhulupirira kuimira chilungamo ngakhale umboniwo ukugwera iwo eni, makolo awo kapena abale awo. Umboni wa mbiri suli kunja kwa lamulo limeneli. N'zoona kuti Apwitikizi ndi Achikunda ankagwiranso anthu m'chigwa cha Zambezi, kuti nkhondo za Angoni zidabalalitsa midzi, ndiponso kuti maiko a ku Ulaya adatenga anthu mamiliyoni kupita nawo ku America. Zimenezi tiyenera kuzidziwa ndi kuzinena. Koma tchimo la wina silitsuka la mnzake.

Sitichitanso manyazi ndi Chisilamu, chifukwa muyeso womwe tikuweruzira anthu amenewa ndi wa Chisilamu chomwecho. Kugwira mfulu n'kumugulitsa ndi tchimo lalikulu lomwe Mtumiki adachenjeza mwamphamvu mu hadith yomwe ili mu Sahih Al-Bukhari. Kumasula kapolo kudaikidwa kukhala dipo la machimo ena, komanso imodzi mwa njira zogwiritsira ntchito Zakaat. Bilal ibn Rabah, Allah asangalale naye, adali kapolo wozunzidwa yemwe Abu Bakr adamuwombola, ndipo ndiye adakhala muadhin woyamba. Omwe ankasaka anthu m'midzi ya makolo athu adatsata dyera la chuma.

Kumbukiraninso kuti pakati pathu pano pali zidzukulu za ogwidwa ndi zidzukulu za ogwira, ndipo ambiri sitidziwa kuti tili mbali iti. Nkhaniyi isakhale chida chonyozera Myao, Mchewa, Mngoni kapena wina aliyense. Ndipo isaoneke ngati yatha. Lero lino achinyamata amanyengedwa ndi malonjezo a ntchito kunja, kenako n'kulandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito ngati katundu. Amene wamvetsa tanthauzo la goli sangathandize nawo kugulitsa mnzake, ndipo amafunsa mafunso ambiri asanavomere ulendo wotere.

Mlendo wina kapena wophunzira wa sukulu ina akakufunsani kuti, "Si inu Asilamu mudagulitsa anthu?" musapse mtima. Yankhani modekha kuti ena mwa ochita malondawo analidi Asilamu, kuti adalakwa, ndipo kuti chipembedzo chathu chimatsutsa zomwe adachita.

Ntchito ya wophunzira aliyense

Tengani kope ndi cholembera. Safunsa adadya phula, choncho funsani otiperekeza m'nyumbamo, ndipo pemphani chilolezo musanajambule chilichonse pa foni. Musagwire zinthu zoonetsedwa. Ndi amana ya dziko lonse. Pobwera, aliyense adzapereke mayankho a mafunso awa kwa mphunzitsi wa History:

1. Tchulani maboma omwe tadutsa kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre.
2. Fotokozani kusiyana kwa qasr ndi jam'u, ndipo nenani momwe taswalira pa tsikuli.
3. Sankhani chinthu chimodzi chomwe mwaona. Adachipanga ndani, ankachigwiritsa ntchito yanji, nanga lero chidalowedwa m'malo ndi chiyani?
4. Lembani zabwino ziwiri ndi zoipa ziwiri zomwe zidabwera kudzera m'njira za malonda a kugombe.
5. Funsani agogo kapena wamkulu wina kwanu zomwe adamva za nthawi ya ukapolo, ndipo mulembe monga momwe akuuzirani.

Tikupempha Allah atiyendetse bwino, atibweze kwa makolo athu tili amoyo, ndipo atipatse maphunziro aphindu. Ameen.