Filimu ya Non-Stop: pomwe yakoma ndi pomwe yatinamiza

Anzanga, Loweruka lapitali nditaweruka kumunda ndinapita kuvidiyo ya pamsika kukaonera Non-Stop, filimu ya mu 2014. M'kalasi tinaphunzira kuti pounika nkhani tiziona malo, ampangankhani ndi tsatanetsatane wake, ndiye ndati ndiyesere pa filimuyi. Amene simunaonere ndikuchenjezeretu, kumunsiku ndiulula zigawenga zake.

Liam Neeson ndiye mwininkhani, dzina lake Bill Marks. Ndi wachitetezo amene amakwera ndege atavala ngati munthu wamba koma ali ndi mfuti. Ndege yanyamuka ku New York kupita ku London. Ili pamwamba pa nyanja, foni ya Marks ikulandira uthenga wakuti pa mphindi 20 zilizonse munthu mmodzi azifa, pokhapokha madola 150 miliyoni atumizidwe ku akaunti ina ya kubanki. Atafufuza, akauntiyo ikupezeka kuti ili m'dzina la Marks yemweyo!

Mphamvu yaikulu ya filimuyi ndi malo. Mundege mulibe kothawira, simungauze dalaivala kuti "nditsike pano" ngati m'minibasi. Choncho tikudziwa kuti wotumiza mauthengayo wakhala pampando wina momwemo, ndipo aliyense wogwira foni tikumukayikira. Onjezerani wotchi ija. Marks akangoitchera, nanenso mtima umayamba kuwerenga. Pamene mphindi 20 zoyamba zimatha, wopha munthu anali Marks mwini wake, polimbana ndi wachitetezo mnzake m'chimbudzi. M'vidiyo monse munangoti zii, ngakhale mnyamata wogulitsa mandasi anasiya kuitanira malonda.

Mpangankhani wake nayenso anamuumba bwino. Marks amamwa mowa, mwana wake wamkazi anamwalira ndi khansa, ndipo sachedwa kupsa mtima. Akamakankha anthu n'kumawasecha, wina akumujambula pafoni, mpaka pa TV akulengeza kuti iyeyo ndiye walanda ndege. Enafe tinayambadi kumukayikira. China chimene chinandichititsa manyazi ndi ichi: mundegemo muli dokotala wachisilamu, ndipo ambiri m'vidiyomo timangoti "ndi ameneyo". Komatu munthuyo anali wothandiza chabe. Filimu inatigwira tikuweruza munthu poona maonekedwe.

Tsono pomwe yalakwika ndi kumapeto. Nkhani yofufuza wakupha ili ngati chilape. Yankho likatuluka, uyenera kumenya pachipumi n'kunena kuti "aa, zoonadi, bwanji sindinaone?" Apa sizili choncho. Zigawenga ndi anthu awiri, Tom Bowen ndi Zack White. Bowen akuti bambo ake anafa pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001 ku America, ndiye akufuna kuonetsa dziko kuti chitetezo cha ndege n'chofooka. Koma zimenezi tikungozimva m'kamwa mwake filimu ili pafupi kutha. Panalibe kachizindikiro kotithandiza kuzitulukira tokha. Ine ndinaloza mayi wokhala pawindo pafupi ndi Marks, Julianne Moore, mnzanga analoza wogwira ntchito mundege, tonse tinaphonya, ndipo sindikuona kuti vuto linali lathu.

Palinso mafunso osayankhidwa. Anthuwo anadziwa bwanji kuti Marks apha mnzake pa mphindi yeniyeniyo? Mapulani otere amafuna mwayi wochuluka kwabasi. Kenako bomba likuphulika, ndege ikubooka kumbuyo koma n'kukaterabe ku Iceland, kufufuza konse kuja kwasanduka nkhonya ndi mfuti basi. Lupita Nyong'o wa ku Kenya, amene anapata mphoto ya Oscar chaka chomwecho, alimo ngati wothandiza okwera ndege, koma mawu ake mukhoza kuwawerenga ndi zala.

Kwa ife amene tikukonzekera JCE, tikamalemba nkhani yopeka tibereko nzeru ya malo amodzi ndi nthawi yochepa, monga ndalama kusowa m'kalasi belu lisanalire. Koma wakubayo aonekere pang'ono kuyambira ndime zoyamba, kuti wowerenga akabwerera m'mbuyo apeze mapazi ake.

Amene munaonera ndipo munaloza Bowen filimu isanathe, mundipeze pa buleki pansi pa mtengo wa mango mudzandiuze chomwe munaonera. Musadzandinamize.