MAFUTA AKUDA A M'MAKINA, NDI MUDZI UMENE UNAPASUKA NAO

Phunziro la mwezi uno

Masiku ano makina acuruka m'midzi mwathu. Pali cigayo pamsika, pali njinga zamoto zonyamula anthu, pali magalimoto, ndi injini zopopa madzi m'madimba. Makina onsewa akumwa mafuta a mitundu iwiri. Ena ndiwo petulo kapena dizilo, amene apsa natha. Ena ndiwo oilo, amene afewetsa zitsulo kuti zisadyane. Oilo satha monga petulo. Alowa m'injini ali mbee ngati uci, ndipo atagwira nchito masabata kapena miyezi, aturuka ali bii. Mwini makina amkhetsa, nathira watsopano. Tsono funso la phunziro lathu ndi ili: kodi wakudayo anka kuti? Pakuti cimene tacitaya sicicoka padziko. Cingosamuka malo, ndipo kawirikawiri cisamukira kwa mnansi wathu.

1. Cimene ciri m'mafuta akuda

M'kati mwa injini mutentha ndithu. Pamene zitsulo zikhulana, tizidutswa tace tating'onong'ono, tosaoneka ndi maso, tigwera m'mafuta. Mugweranso mwaye, ndi madzi, ndi petulo wosapsa bwino, ndi zinthu zina zobadwa m'moto zimene ziri ndi ululu. Anthu ophunzira anayesa kupaka mafuta otere pakhungu la mbewa nthawi yaitali, ndipo mbewazo zinagwidwa nthenda ya khansa. Cifukwa cace munthu wogwira mafuta akuda tsiku ndi tsiku, osasamba ndi sopo, adziika pa tsoka.

Mafuta sasanganikana ndi madzi, koma ayandama pamwamba, natambalala monga kansaru kopyapyala ka maanga-maanga ngati utawaleza. Kansaruko katsekereza mpweya umene nsomba ndi tizirombo ta m'madzi tipuma, ndipo madzi anunkha osamweka. A boma la America oyang'anira za cilengedwe anena kuti mafuta okhetsedwa kamodzi m'galimoto imodzi akhoza kuipitsa madzi okwana magaloni 1,000,000. Akathiridwa pansi, saola msanga monga zinyalala za kumunda. Mvula iwatsitsa pang'onopang'ono kufikira akumana ndi madzi amene citsime ndi mjigo zitunga.

Koma coopsa coposa ndi ici: mafuta akuda abisa ciri conse cimene munthu wasanganizamo. Maso sangathe kulekanitsa mafuta akuda okha ndi mafuta akuda okhala ndi ciphe. Za ici tiri ndi mbiri yoona yotiphunzitsa.

2. Mbiri ya Times Beach

Ku America, m'cigawo ca Missouri, pafupi ndi mudzi waukuru wa St. Louis, kunali mudzi dzina lace Times Beach, m'mbali mwa mtsinje wa Meramec. Unayamba m'caka ca 1925, ndipo anthu ace anakwana ngati 2,000. Sanali olemera, miseu yao inali ya dothi, ndipo m'cilimwe pfumbi linawasautsa.

Kutali ndi kumeneko, m'mudzi wa Verona, kunali fakitale ya kampani yochedwa NEPACCO, yopanga mankhwala opha tizirombo pakhungu. Pophika mankhwalawo, pansi pa mbiya panatsala nsenga zakuda zonga phula, ndipo m'nsengamo munali ciphe coopsa cochedwa dioxin. Njira yabwino yoonongera ciphe cimeneci ndiyo kucitentha m'ng'anjo ya moto waukali. Ndipo poyamba eni fakitale anatero, natumiza nsengazo ku Louisiana. Koma anaona kuti mtengo wace wakula, nafuna njira yocepa ndalama. Anapangana ndi kampani ina kuti izicotse. Kampaniyo inalandira madola 3,000 pa ulendo umodzi wa galimoto, nilemba munthu wina, Russell Bliss, wosonkhanitsa mafuta akuda, nimlipira madola 125 okha pa ulendo. M'caka ca 1971 iye ananyamula maulendo 6, ndiwo magaloni ngati 18,500, nasanganiza zambiri za nsengazo ndi mafuta akuda m'matanki mwace.

Nchito yina ya Bliss inali kuwaza mafuta akuda pamabwalo ndi m'miseu kuti pfumbi ligone. M'mwezi wa May 1971 anawaza pabwalo la akavalo pafupi ndi Moscow Mills. Asanapite masiku ambiri mbalame zinayamba kugwa kucokera kudenga zitafa. Akavalo anacita zironda, naonda, nafa ambiri. Ndipo mwana wa mwini bwalo, amene anasewera m'dothimo, anadwala kwambiri. Madokotala a boma anafunafuna cifukwa cace zaka zitatu, ndipo m'caka ca 1974 anapeza kuti ndi dioxin.

Koma m'zaka zomwezo, kuyambira 1972 kufikira 1976, akuru a Times Beach analemba Bliss yemweyo kuti awaze miseu yao. Anthu anakondwa poona pfumbi lagona, ndipo ana anayenda ndi kusewera m'miseumo. Panapita zaka 10 dothi lao lisanayesedwe. Potsiriza a boma anatapa dothi kumapeto a 1982. Ndipo masiku omwewo, m'mwezi wa December, mtsinje wa Meramec unasefukira numiza mudzi, anthu nathawira kumtunda. Pa 23 December, akali kukonzeka kubwerera kukakonza nyumba zao, analandira mau a madokotala a boma akuti asabwerere, pakuti dothi la mudzi wao liri ndi ciphe.

M'mwezi wa February 1983 boma linalengeza kuti lidzagula mudzi wonse ndi madola 33 miliyoni, anthu asamuke. Pofika 1985 mudzi unafafanizidwa. Nyumba zinagwetsedwa, abale ndi anansi okhala pamodzi zaka zambiri anabalalika. Pambuyo pace boma linamanga ng'anjo pamalopo, ndipo m'zaka za 1996 ndi 1997 linatentha dothi loipitsidwa loposa matani 265,000, la ku Times Beach ndi la malo ena a Missouri kumene mafutawo anawazidwa. M'caka ca 1999 pabwinjapo panatsegulidwa malo opumulirapo alendo, ochedwa Route 66 State Park.

Tinenenso ici, kuti mbiri ikhale yolungama: m'caka ca 1991 mmodzi wa madokotala amene analangiza za kusamukako, Vernon Houk, ananena kuti kapena sikunali kofunika kusamutsa mudzi wonse. Koma m'caka ca 1997 bungwe la maiko onse lofufuza za khansa linawerengera dioxin yemweyo pakati pa zinthu zodwalitsa anthu khansa. Ndipo Pangano la Stockholm la 2001 linamuika m'gulu la ziphe 12 zimene maiko analonjezana kuthana nazo.

3. Kodi cirema cinali pati?

Tikalingalira bwino, tiona kuti panalibe munthu anati mumtima mwace, Ndikaphe akavalo, ndikapasule mudzi. Eni fakitale anafuna kusunga ndalama. A kampani ya pakati anafuna phindu, osasamala kumene katundu atsikira. Bliss ananena nthawi zonse kuti sanadziwe za ciphe, ndipo anawaza mafutawo ngakhale pamalo pace pa iye mwini. Akuru a mudzi anafuna kucotsa pfumbi ndi ndalama zocepa. Yense anacotsa cobvuta pakhomo pace, naciika m'manja mwa wina, osafunsa cimene cidzacitika kutsogolo. Moto umene eni fakitale anaukana mu 1971 cifukwa ca mtengo wace unayatsidwabe patapita zaka 25, koma tsopano wotentha dothi la midzi m'malo mwa magaloni owerengeka.

Zotere sizinacitike ku America kokha. Ku Belgium m'caka ca 1999 mafuta a m'transifoma ya magetsi, okhala ndi ciphe cochedwa PCB, analowa m'mafuta opangira cakudya ca ziweto. Nkhuku zinadwala, ndipo nkhuku ndi mazira zinacotsedwa m'masitolo a dziko lonselo.

4. Makwerero anai

M'caka ca 1990 aphungu a America anakhazika lamulo loletsa kuipitsa dziko, loika njira zinai motsatana. Njirazi ziyenera fakitale yaikuru, ziyeneranso cigayo ca pamudzi.

Yoyamba, ndiyo yoposa zonse: kucepetsa zonyansa pa gwero lace, kuti zisabadwe n'komwe. Injini yodontha ikonzedwe msanga. Cosefera mpweya cikhale coyera, kuti pfumbi lisalowe ndi kukalambitsa mafuta. Mafuta asinthidwe pa nthawi imene opanga makina analemba, osafulumira, osacedwa.

Yaciwiri: cimene sicinalepheretsedwe cigwirenso nchito. Mafuta akuda sanafe, angoda. Kuli mafakitale amene awayenganso, nacotsa madzi ndi litsiro, nawabwezera m'injini ali abwino. Galoni mmodzi wa mafuta akuda aturutsa mafuta a injini ofanana ndi amene aturuka m'magaloni 42 a mafuta okumbidwa pansi. Amene awakhuthulira m'ngalande ataya cuma.

Yacitatu: cimene sicingayengedwenso cionongedwe mwa nzeru, monga m'ng'anjo zophikira simenti, mmene miyala itentha kufikira madigiri 1,450, ndipo utsi usefedwa.

Yacinai, ndiyo yotsiriza: kutaya, koma pamalo pokonzedwa ndi pololedwa pokha.

Cisoni ndi cakuti ife anthu tikonda kuyamba ndi khwerero lotsiriza, ndipo ngakhale lomwelo tilicita molakwa.

5. Zimene tiyenera kucita kwathu

Tidziwa tonse nchito zimene mafuta akuda agwira m'midzi. Ena apaka nsici ndi mitengo ya nkhokwe poopa ciswe. Ena athira m'cimbudzi kuti nchenche zithe. Ena awaza pabwalo la cigayo kugoneka pfumbi, monga anacita a ku Times Beach. Ena apaka galu wa mphere kapena cironda ca ng'ombe. Ena asonkhera moto. Ocita izi alibe mtima woipa, koma sanauzidwe. Mafuta a pansici atsukidwa ndi mvula nalowa m'nthaka. A pankhokwe ali pafupi ndi cimanga ca ana athu. A m'cimbudzi atsikira ku madzi a pansi. Ciweto copakidwa cidzinyambita, nicimeza ululu. Ndipo utsi wa mafuta otenthedwa pamoto wamba ulowa m'cifuwa ca wophika. Ciripo cabwino m'malo mwa zonsezi: nkhokwe iimikidwe pamiyala, m'cimbudzi muthiridwe phulusa, ndi pakamwa pace pakhale cibvundikiro, pabwalo pawazidwe madzi, ciweto codwala cionetsedwe kwa mlangizi wa ziweto.

Ndipo mwini makina asunge malangizo awa. Pokhetsa mafuta acinjirize ndi beseni, asakhetsere pansi. Awathire m'cigubu kapena m'mgolo wosadontha, wotsekeka bwino, wolembedwa kunja cimene ciri m'kati. Auike pamthunzi posagwa mvula, kutali ndi citsime, kutali ndi moto, posafika ana. Asawathire m'botolo la zakumwa, kuti mwana angamwe. Asasanganizemo kanthu, kapena petulo, kapena palafini, kapena mankhwala a kumunda. Pakuti mafuta osanganizidwa sayengekanso, ndipo kusanganiza ndiko kunapasula mudzi uja. Akatayikira pansi, athirepo mcenga kapena utuci, nauole, nausunge m'cotengera cace. Asatsukire ndi madzi m'ngalande. Atatha nchito asambe ndi sopo, osati ndi petulo. Mgolo ukadzala afunse kwa ogulitsa mafuta kapena ku galaja yaikuru za amene asonkhanitsa mafuta akuda, kapena afunse mkuru woona za cilengedwe ku Boma. M'Malawi lamulo la 2017 losamalira cilengedwe linakhazika bungwe la MEPA, ndipo onyamula zinyalala zoopsa ayenera kukhala ndi ciphaso. Cifukwa cace akadza munthu kudzagula mafuta anu akuda, mufunseni kumene anka nao. Musakhale ngati eni fakitale ya ku Verona.

Cenjezo lina ndi ili. Kwamveka m'maiko angapo a Afrika kuti akuba aboola matransifoma a magetsi, nagulitsa mafuta ace kwa okazinga paciwaya, popeza ali oyera ndipo sada msanga. Amenewo si mafuta akudya, ndipo a m'matransifoma akale akhoza kukhala ndi ciphe cija ca ku Belgium. Mkristu asagule mafuta ophikira osadziwika kumene acokera, ngakhale atsike mtengo cotani.

6. Cifukwa cace nkhaniyi iri ya Mpingo

Kapena wina adzati, Izi ndi za boma ndi za amakaniki, zilowa bwanji m'nyuzi ya Mpingo? Tiwerenge Genesis 2, tione kuti munthu woyamba anapatsidwa nchito ziwiri m'munda, ya kulima ndi ya kusunga. Ife tagwiritsa yoyamba, ndi kuiwala yaciwiri. Tiwerenge Deuteronomo 23, tione kuti Mulungu sanayese kanthu kacabe kulangiza Aisrayeli za pokwirira zonyansa zao. Tiwerenge Yohane 6, tione kuti Ambuye, atadyetsa khamu lalikuru, analamula kuti makombo atoledwe. Ndipo lamulo la kukonda mnansi lifikira ngakhale mnansi amene sitimuona: iye wotunga kumunsi kwa mtsinje, ndi mdzukulu amene adzakumba citsime pamene ife tikhetsera mafuta lero. Kuba mbuzi ya munthu ticha chimo. Nanga kumlanda madzi akumwa tidzacha ciani? Walira mvula walira matope: talandira makina ndi kukondwa, tilandirenso udindo wa zoturuka m'menemo.

Tipempha akuru a Mpingo ndi aphunzitsi kuti awerenge phunziro ili pamsonkhano wa pakati pa sabata, ndi kuti awiri kapena atatu akaceze mwaulemu ndi eni zigayo ndi anyamata a njinga zamoto, osawadzudzula, koma kupangana nao za mgolo umodzi wosungiramo mafuta akuda a mudzi wonse.

Mafunso a pamsonkhano

1. Chulani zinthu zitatu zimene ziri m'mafuta akuda.
2. Pa anthu onse a m'mbiri ya Times Beach, ndani akadaletsa tsokalo, ndipo akadafunsa funso lotani?
3. Chulani makwerero anai motsatana, ndipo nenani cifukwa cace loyamba liposa ena.
4. M'mudzi mwanu mafuta akuda anka kuti? Pali mapazi angati kucokera pamenepo kufikira pacitsime?