Yambani Mwamva, Kenako Mumange: Phunziro la ku Orangi

Werengani ndime izi mosinthanasinthana, kenako mukambirane mafunso ali kumapeto.

1. Orangi ndi dera lalikulu la anthu osauka mumzinda wa Karachi, ku Pakistan. M'chaka cha 1980, Dr Akhtar Hameed Khan anayambitsa kumeneko ntchito yotchedwa Orangi Pilot Project. Iye sanafike ndi pulani yolemberatu. Anayamba ndi kuyenda m'tinjira ta m'deralo, kucheza ndi anthu ndi kumva zimene zikuwasautsa. Vuto lalikulu linali madzi oipa ndi zonyansa za m'zimbudzi, zomwe zinkayenderera poyera pakati pa nyumba n'kumadwalitsa ana.

2. Anthu ankaganiza kuti mapaipi ochotsa zonyansa angaikidwe ndi boma lokha, chifukwa ndi okwera mtengo. Ogwira ntchitoyi anapeza kamangidwe kosavuta komanso kotsika mtengo. Kanjira kalikonse, ka nyumba pafupifupi 20 mpaka 40, kanakhala gulu palokha. Eni nyumba ankasankha mmodzi mwa iwo kuti asonkhanitse ndalama ndi kuyang'anira ntchito. Bungwe linkayeza malo, kujambula mapu, kuwerengera mtengo ndi kubwereketsa zipangizo, koma ndalama za anthu silinkasunga. Anthu ankamanga zimbudzi ndi kuika mapaipi a m'kanjira kawo, pamene mapaipi aakulu anali udindo wa boma.

3. Achinyamata a m'deralo anaphunzitsidwa kuyeza malo ndi kujambula mapu. Mayi Perween Rahman, amene anadzatsogolera ntchitoyi, analimbikira kwambiri mapu, chifukwa dera limene silioneka pa mapu limaiwalika pogawa chitukuko. Iwo anaphedwa ndi anthu a mfuti mu Marichi 2013, koma ntchitoyo sinaime.

4. Ntchitoyi sinali ya Abahá'í, komabe tikuonamo zimene timaphunzira m'gulu lathu lino. Chitukuko si katundu amene ena amasenza n'kukatula kwa anzawo. Anthu okhala pamalopo ndiwo eni ake a ntchito. Choncho tikamayenda khomo ndi khomo, tikumbukire izi:

a) Tipite kukamva, osati kukalonjeza. Kulonjeza mjigo kapena chimbudzi tilibe ndalama m'manja kumapha chikhulupiriro, ndipo mawa akatiwona adzatitsekera chitseko.

b) Tilembe zoona zokhazokha. Ngati nyumba zopanda chimbudzi zilipo 12, tisalembe 20 pofuna kukopa othandiza.

c) Tifunse aliyense. Amayi amene amalawirira kukatunga madzi, ana, okalamba ndi anthu a lendi amadziwa zinthu zimene eni nyumba sazidziwa.

d) Zimene tapeza tizibweze kwa eni ake pamsonkhano. Pokambirana, amene wapereka ganizo alisiye m'manja mwa gulu, asaliumirire. Gulu likagwirizana chochita, tonse tichigwire ndi mtima umodzi, kenako tidzakhale pansi n'kuona zimene taphunzira.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani ntchito ya ku Orangi inayambira pa kanjira kamodzi, osati dera lonse?
2. Kusasunga ndalama za anthu kunathandiza bwanji bungweli?
3. M'dera lathu, ndani amene safunsidwa maganizo kawirikawiri?

Zochita sabata ino: awiriawiri, pitani kaye kwa amfumu a m'dera kukafotokoza cholinga chanu. Mukatero, yendani nyumba khumi, mufunse kumene amatunga madzi ndi kumene amataya madzi oipa. Mujambule mapu a kanjira kanu, mubwere nawo tikadzakumananso.